Feteleza timawerenga, nanga nthaka akuwerenga ndani?

Patchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndinali kwathu ku Ntcheu, m'mudzi wina womwe uli m'munsi mwa mapiri a Kirk Range. Tsiku lina cha m'ma 3 koloko masana kunagwa mvula yomwe sinathe ngakhale ola limodzi. Kutacha ndinaperekeza agogo anga kumunda. Tinapeza mizere ya kumunsi itaduka pakati, chimanga chofika m'mawondo chitagona mizu ili pamtunda, ndipo kangalande komwe chaka chatha ndinkangodumpha kanali katasanduka chigwembe chondilekeza m'chiuno. Agogo anali atathira feteleza wobereketsa masiku awiri m'mbuyomo, thumba limodzi lomwe ndalama yake anatumiza ndi amalume kuchokera ku Johannesburg.

Agogo anaima, nkuyang'ana komwe madzi analowera, nkunena kuti: "Thukuta la mwana wanga lapita ku Balaka."

Sanalakwitse njira. Khwawa la kwathu limathira mumtsinje wina womwe umakathira mu Rivirivi, ndipo Rivirivi amadutsa m'boma la Balaka kukathira mu Shire. Ine, poti ndine wa kukoleji ndipo ndimayenera kufunsa zamzeru, ndinafunsa kuti kodi mvula ya dzuloyi inali yochuluka bwanji. Agogo anandiyang'ana ngati ndadwala. "Iwe, mvula amayeza? Yagwa yambiri, basi."

Patapita masiku ndinapita kuofesi ina yoona za ulimi kukafunsa funso lomweli. Anandilandira bwino ndithu, chipangizo choyezera mvula anandionetsa, buku lomwe amalembamo anandionetsanso. Koma ofesiyo ili kutali ndi mudzi wathu, kuseri kwa phiri, ndipo tsiku lomwe munda wa agogo unang'ambika kumeneko kunangowaza. Choncho m'mabuku a boma mvula yomwe inatenga feteleza wa agogo sinagwe. Nthaka yomwe inapita sinalembedwe paliponse. Potsazikana, bambo wina amene anali pamenepo anandiuza mawu omwe ndawamva kuyambira ndili mwana: "Vuto la anthu akwanuwo ndi kusamva. Timawauza za akalozera koma sachita."

Mawu amenewa ndi omwe andilembetsa nkhaniyi. Ndikukana kuti vuto lalikulu la kukokoloka kwa nthaka ku Ntcheu ndi kusamva kwa mlimi. Vuto ndi lakuti dziko lino limaweruza mlimi popanda umboni, limalamula popanda kuyeza, ndipo manambala ochepa omwe limatolera amakwera basi kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre osabwereranso kwa mwini munda.

Tiyambe ndi zomwe timadziwa. Lipoti lomwe bungwe la FAO linatulutsa mu 2016 mogwirizana ndi boma komanso mabungwe ena a United Nations linapeza kuti mu 2014 Malawi ankataya nthaka yokwana matani 29 pahekitala iliyonse pachaka, tikaphatikiza malo onse nkugawa mofanana. Kafukufuku wa World Bank wa mu 1992 anapeza matani 20. Nambala ya 29 yatchuka kwambiri moti mlendo wolemekezeka aliyense amaitchula pamwambo wobzala mitengo, anthu nkuwomba m'manja. Koma ndi angati amene anaimasulira m'chinenero cha mlimi? Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Paekala imodzi ndi matumba oposa 230. Tangoganizani, munda womwe banja limasangalala likakolola matumba 15 a chimanga ukutaya matumba 230 a dothi chaka chilichonse. Ndipo dothi lomwe limayamba kupita ndi lapamwamba, lakuda lija, momwe muli chakudya cha mbewu.

Chomvetsa chisoni nchakuti kuba kumeneku sikuoneka ndi maso. Matani 29 mukawamwaza pahekitala yonse, kuchindikala kwake ndi pafupifupi mamilimita awiri basi. Palibe mlimi amene angaone kuti munda wake watsika ndi mamilimita awiri. Amangoona kuti miyala ikuchuluka, ena mpaka amati miyala ikumera, kuti dothi likufiira, kuti thumba la feteleza lomwe kale linkakwanira pano likuchepa. Patatha zaka 20 masentimita anayi apita, pomwe chilengedwe chimatenga zaka mazanamazana kuti chipange nthaka yochuluka chomwecho.

Koma nambala ya 29 ija ndi ya dziko lonse, ndipo inapezeka makamaka powerengera pakompyuta, pogwiritsa ntchito mapu, mitundu ya dothi, kutsetsereka kwa malo ndi manambala a mvula. Ndi ntchito yabwino ndipo sindikuinyoza. Chomwe ndikunena nchakuti aliyense wodziwa Ntcheu akudziwa kuti bomali si munda umodzi. Ku Tsangano ndi ku Lizulu, kumtunda kozizira komwe kumachokera mbatata ya kachewere ndi kabichi zomwe zimadzaza misika ya m'mbali mwa msewu wa M1, mvula yake ndi dothi lake nzosiyana kutalitali ndi ku Sharpevale kapena ku Bilira, kuchigwa kotentha. Madzi a mbali ina amatsikira mu Livulezi kulowera kunyanja, a mbali ina amatsikira mu Rivirivi ndi mu Lisungwi kulowera mu Shire. Boma la anthu oposa 650,000, monga mwa kalembera wa mu 2018, silingakonze ulimi wake ndi nambala imodzi yobwereka kulikulu. Zili ngati dokotala amene wayeza kutentha kwa thupi kwa odwala onse m'wodi, waphatikiza, wagawa, kenako nkupereka mankhwala ofanana kwa wamalungo ndi wothyoka mwendo.

Tsono taonani zomwe dziko lino limatha kuwerenga likafuna. Kuyambira mu 2005 pomwe ndondomeko ya makuponi inayamba, mpaka AIP yomwe inabwera mu 2020, boma limadziwa dzina la mlimi aliyense wolandira, mudzi wake ndi matumba omwe watenga. Aphungu amakangana za manambalawa kunyumba ya malamulo. Mawayilesi amawaulutsa. Zisankho zimapambanidwa ndi kuluzidwa chifukwa cha matumba amenewa. Palibe amene amati kuwerenga feteleza nkovuta kapena nkodula. Koma funsani phungu aliyense wa ku Ntcheu kuti m'dera mwake munagwa mvula yochuluka bwanji mu Januwale, kuti mwa madzi amenewo olowa pansi anali angati ndipo othamanga pamtunda anali angati, kuti mtsinje wa kwawo unanyamula dothi lochuluka bwanji. Adzakuyang'anani monga anandiyang'anira agogo. Timawerenga mosamala zomwe tikuthira m'thumba, koma chibowo chomwe chili pansi pa thumbalo sitifuna kuchiyeza.

Wina anganene kuti izi nza anthu a kumudzi. Ayi. Anthu a ku Balaka sanaiwale chaka cha 2018 pomwe damu la Mpira linauma. Damu limeneli lili ku Ntcheu, madzi ake amachokera kunkhalango ya Mvai, ndipo mapaipi ake amatsetsereka kukamwetsa anthu a madera a Ntcheu ndi Balaka. Damu siliuma tsiku limodzi. Mitengo inkatha chaka ndi chaka, matope ankalowa chaka ndi chaka, madzi oyenderera m'chilimwe ankachepa chaka ndi chaka. Zonsezi nzoyezeka. Koma anthu wamba anadziwa kuti zinthu zavuta pomwe mipopi inayamba kutulutsa mpweya. Kunsi kwa Shire nakonso, dothi lochokera m'minda ngati ya agogo limakadzaza pomwe Blantyre amapopa madzi ake ku Walker's Ferry, limakadzazanso madamu a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, moti kampani ya EGENCO imawononga ndalama zambiri pochotsa matope. Mnzanga wa ku Ndirande amene umatukwana magetsi akazima uli pakati polemba ntchito ya kusukulu, dziwa kuti mwina mbali ina ya mdima wakowo ndi munda wa agogo anga.

Tsopano tibwerere kumawu aja akuti mlimi ndi wosamva. Ife ophunzira mbiri timawadziwa bwino mawuwa, chifukwa si atsopano, ndipo ku Ntcheu anachotsetsapo mfumu pampando. Mu 1946 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo loteteza zachilengedwe, ndipo m'zaka zotsatira linayamba kukakamiza alimi kuunda mizere yopingasa, kukumba migula ndi kusiya kulima m'mbali mwa mitsinje. Anthu anazitcha malimidwe. Wosamvera ankalipitsidwa, kumangidwa, kapena kuzuliridwa mbewu. Mu 1953, pomwe dziko linkakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi ya Makosi Gomani II, a Philip Gomani, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwewo. Atsamunda anaichotsa paufumu. Inathawira kumalire m'dziko la Mozambique pamodzi ndi m'busa Michael Scott, koma Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Katswiri wa mbiri Wapulumuka Mulwafu analemba buku lonse, Conservation Song, lofotokoza ubale wovutawu pakati pa boma, mlimi ndi nthaka.

Kodi agogo athu a nthawi imeneyo ankakonda kuti nthaka ikokoloke? Kodi Inkosi Gomani sinkadziwa kuti madzi amang'amba munda? Iyayi. Chomwe anakana ndi kulamulidwa ngati ana pamunda wawo womwe, ndi munthu amene sanawafunse kanthu, sanawaonetse umboni, koma anabwera ndi chingwe choyezera kudzanja lina, unyolo kudzanja linalo. Zina mwa zomwe atsamunda ankanena zokhudza madzi ndi dothi zinali zoona. Njira yawo ndi yomwe inachititsa kuti mgula usanduke chizindikiro cha ukapolo. Lero unyolo unachoka, koma kalankhulidwe sikanasinthe kwenikweni. Wodziwa amachokerabe kutali pagalimoto, mlimi amakhalabe pansi pamtengo nkumamvera, ndipo zikakanika wolakwa ndi yemwe uja anakhala pansi.

Ndisanamizire kuti palibe chikuchitika. Ntcheu ndi limodzi mwa maboma omwe ali mu pulojekiti ya MWASIP, yomwe World Bank inavomereza mu 2020 ndi ndalama zokwana madola 157 miliyoni pofuna kubwezeretsa nthaka ndi nkhalango m'madera omwe madzi ake amathira mu Shire. Isanabwere imeneyi kunali Shire River Basin Management Program yomwe inayamba mu 2012. Tilinso ndi nthambi ya boma yoona zanyengo, komanso bungwe la National Water Resources Authority lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamadzi la mu 2013. M'midzi yambiri anthu akumba ngalande zokolola madzi, abzala vetiva, atseka zigwembe ndi miyala. Thukuta limenelo ndi lenileni ndipo ndimalilemekeza.

Koma mverani momwe ntchito zoterezi zimasimbidwira pawayilesi ndi m'manyuzi. Mitengo yakutiyakuti yabzalidwa. Mamita akutiakuti a ngalande akumbidwa. Anthu akutiakuti aphunzitsidwa. Amenewa ndi manambala a ntchito yomwe yagwiridwa, osati a phindu lomwe lapezeka. Funso la mlimi ndi lina: ngalande ndakumba, msana wathyoka, kodi dothi lomwe likuchoka m'munda mwanga lachepa? Kodi mtsinje wa kwathu ukuyera msanga mvula ikagwa? Kodi chitsime cha kudimba chikuchedwa kuuma kusiyana ndi kale? Ngati akatswiri akuyeza zimenezi, ndipo ndikufuna kukhulupirira kuti ena akuyeza, mayankho ake ali m'malipoti a Chingerezi omwe agogo sadzawaona. Munthu amene simunamuonetse phindu la ntchito adzaigwira pomwe pali malipiro, malipiro akatha adzaisiya. Kenako mudzamutcha wosamva.

Chomwe chimandipweteka nchakuti kuyeza kwenikweniko sikufuna madola mamiliyoni. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo otalika mita imodzi, mulifupi mita imodzi. Chitini chowongoka, chomwe kukamwa kwake nkofanana ndi pansi pake, mukachiika pamtetete kutali ndi mtengo kapena denga, nkuyeza madzi ake ndi rula m'mawa uliwonse, chikuuzani mamilimita a mvula moyandikira ndithu. Ikagwa ya mamilimita 40, ndiye kuti paekala imodzi pagwa malita oposa 160,000, zomwe ndi ndowa zoposa 8,000 za malita 20. Muuzeni mlimi kuti dzulo m'munda mwake munatsanulidwa ndowa 8,000 pa ola limodzi, ndipo mumufunse kuti zapita kuti. Simudzafunikanso kumulalikira za mizere yotseka. Adzayamba kuwerengera yekha.

Dothi nalonso limayezeka. Khomani tizitsulo m'malo angapo m'munda, lembani chizindikiro pomwe dothi likulekeza mu Novembala, mudzaonenso mu Epulo. Kumbani dzenje kumunsi kwa munda wa vetiva, lina kumunsi kwa munda wopanda vetiva, ndipo mvula ikatha muwerenge ndowa za dothi zomwe mwafukula m'dzenje lililonse anthu onse akuona. Tungani madzi a mumtsinje m'botolo loonekera mkati mvula itangogwa, muwasiye agone, muyeze matope omwe akhala pansi. Jambulani mizere ya utoto pachipilala cha mlatho kuti muziona pomwe madzi afika. Katswiri anena kuti njira izi sizolondola kwenikweni, ndipo akunena zoona. Koma nambala yoyandikira yochokera m'munda mwako imaposa nambala yolondola yochokera kuseri kwa phiri.

Ndikudziwa zomwe ena a inu mwakonzeka kundiyankha, ndipo zina nzomveka.

Choyamba, muti alimi ena amawonongadi: amalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, amaotcha makala, amatentha tchire posaka mbewa. Nzoona, ndipo ena mwa iwo ndi abale anga. Koma munthu amalima mumtsinje chifukwa munda wa kumtunda unaguga, ndipo makala omwe mumawaona m'mbali mwa msewu sapita kukaphikira nsima ku Kandeu. Amapita m'tauni, m'nyumba za anthu omwe amalemba malipoti onena za kusamva kwa alimi, ndiponso m'nyumba zomwe timachita lendi ife ophunzira. Tikafuna kuloza chala, tiyambe tayeza kuti dothi lochuluka likuchokera pati: m'minda, m'nkhalango zomwe zadulidwa, m'njira za ng'ombe, kapena m'ngalande za misewu zomwe amazitsegulira m'munda mwa munthu popanda kumufunsa. Chigwembe cha agogo chimayambira pomwe madzi a mumsewu wafumbi amakhotera. Pamenepo wosamva ndani?

Chachiwiri, muti masiku ano kuli makina a m'mlengalenga omwe amaona mvula ndi nthaka popanda munthu kuponda matope. Alipodi, ndipo ndi othandiza. Koma akatswiri omwewo amafuna manambala a pansi kuti atsimikize ngati makinawo akunena zoona, makamaka kumalo a mapiri ngati kwathu komwe mvula imagwa mbali imodzi ya phiri nkusiya inayo. Komanso chithunzi cha m'mlengalenga sichisintha maganizo a munthu monga limachitira dzenje lodzaza dothi lake lomwe, lomwe wafukula ndi khasu lake.

Chachitatu, muti anthu a kumudzi sangasunge manambala. Apa ndiye ndimaseka. Amayi a banki m'khonde amasunga mabuku a ndalama chaka chathunthu osasokoneza tambala. Makomiti a mijigo amalemba zopereka za banja lililonse. Mipingo imadziwa amene wapereka chakhumi ndi amene sanapereke. Anthu amenewa angalephere kulemba nambala imodzi m'mawa uliwonse?

Choncho pempho langa kwa khonsolo ya Ntcheu, kwa makhansala, aphungu ndi mafumu athu ndi ili. Sukulu ya pulayimale iliyonse ikhale ndi choyezera mvula, ana a Sitandade 7 azilemba, ndipo manambalawo azigwiritsidwa ntchito pophunzira masamu. Komiti iliyonse yoona zachilengedwe m'mudzi ikhale ndi malo amodzi oyezera dothi ndi malo amodzi oyezera mtsinje. Amene akuwerenga madzi pamlatho tsiku ndi tsiku azilandira kangachepe panthawi yake, chifukwa imeneyo ndi ntchito. Pulojekiti iliyonse yobwera ndi mitengo kapena ngalande iyambe yayeza isanagwire ntchito, idzayezenso pochoka, ndipo zotsatira zikanenedwe pabwalo la mfumu m'Chichewa, anthu ali ndi ufulu wofunsa. Manambala omwe boma limatolera kale ku Njolomole, Nsipe, Manjawira, Tsangano ndi kwina azimatidwa pakhoma pomwe aliyense angawerenge, monga amamatira maina a olandira feteleza. Mlimi akakhala ndi nambala m'manja amasiya kukhala womvera chabe. Amatha kufunsa wokonza msewu chifukwa chomwe madzi akuwathira m'munda mwake. Amatha kuuza wa pulojekiti kuti ngalande zakezo sizinathandize. Mwina nchifukwa chake ena sakufulumira kumupatsa nambalayo.

Ifenso a kukoleji tisadzichotsemo. Timatha kukangana usiku wonse za utsamunda ndi za amene ali ndi mphamvu yotanthauzira dziko, koma tikapita kumudzi timangojambula chigwembe nkuika pa Facebook ndi kachithunzi kolira. Funso lakuti ndani amayeza, ndani amasunga nambala, ndipo ndani amaweruzidwa nayo, ndi funso la mbiri, la ndale ndi la chilungamo. Si la ophunzira zaulimi ku Bunda okha.

Ndisanabwerere ku Zomba ndinakhoma mtengo pabwalo la agogo, nkumangirirapo chitini chowongoka, nkusiyira msuweni wanga wa Sitandade 7 rula ndi kope. Agogo anaseka, amvekere sukulu yandizunguza mutu. Koma sabata yatha nditaimba foni, asanandifunse nkomwe za mayeso, anandiuza mamilimita a mvula ya Lachiwiri, nkuwonjezera kuti a kutsidya kwa khwawa akuti kwawo inagwa yochepa, ndiye akufuna chitini chawo kuti aone amene akunama. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Chaka chamawa adzabweranso panjira yomweyo, kudzera pamsewu womwe uja, kulowa m'munda womwe uja. Kusiyana kwake nkwakuti ulendo uno adzapeza munthu akuwalemba m'kope, ndipo tsiku lomwe wina adzabwere kudzanena kuti anthu akwathu ndi osamva, agogo adzamufunsa kuti kope lake lili kuti.